Mafuta a m'thabwa la bawo la apongozi anga

Ana anga, sabata yatha ndidampeza Tadala ali pakhonde ndi sopo, madzi otentha ndi chiguduli, akufuna kukwecha thabwa la bawo lija limakhala pansi pa bedi langa. Akuti maenje ena ndi akuda bii, akuchititsa manyazi alendo akabwera. Ndidakuwa ngati ndaponda njoka, mwana mpaka kutaya sopo. Pepa mdzukulu wanga. Koma poti ndidapuma ntchito ndipo nthawi ndili nayo yambiri kuposa mano m'kamwa, ndati ndilembe kuti nonse mudziwe kumene kudachokera kudako. Za ubwana wanga ku Chisepo sindilemba. Ndinkaweta mbuzi ngati wina aliyense, ndipo mbuzizo sizidandiphunzitse kanthu kupatula kuthamanga.

1969, ku Mponela

Ntchito yanga yoyamba idali pa galaja ya Che Saidi, kuseri kwa msika wa Mponela. Adali munthu wamfupi, wachisilamu, wosakonda phokoso, ndipo Lachisanu masana ankatseka galaja kaya pali lole yodzaza fodya imene mwini wake akulira misozi. Tsiku loyamba adandifunsa mafunso awiri okha: ngati ndili ndi khadi la chipani, popeza achinyamata ankadutsa kawirikawiri kudzaona, ndiponso ngati ndimamwa mowa. Khadi ndidaonetsa. Za mowa ndidanama, iwo adadziwa, koma adandilembabe.

Che Saidi sankaphunzitsa ndi mawu ambiri. Ukamasula injini ankaima kumbuyo kwako, manja ali m'mbuyo, n'kumangoti, "Chachoka pati chimenecho?" Ukaloza, ankati, "Chibwerere pomwepo. Zitsulo zimazolowerana ngati banja, usazisinthe mabedi." Lamulo lawo lachiwiri lidali lakuti ukamanga uyeze, ukamaliza kumanga uyezenso. Adali ndi kachipangizo koyezera kunenepa kwa chitsulo, maikiromita, kamene kankakhala m'bokosi la nsalu yofewa mu kabati yokiya. Kankatha kukuuza kusiyana kwa tsitsi lako ndi tsitsi la mnzako. Zaka zisanu ndidagwira pamenepo, ndipo kachipangizoko adandilola kukagwira m'chaka chachinayi, nditasamba m'manja kawiri iwo akuona.

1974, kumapiri a Ntchisi

Nditapambana mayeso anga oyamba a zaumakaniko, ndidapeza malo pa galaja ya mishoni ina kumapiri a Ntchisi. Padali chipatala, sukulu, tchalitchi, ndi magalimoto asanu amene ankafa mosinthanasinthana ngati adapangana. Msewu wokwera kumeneko sindidzauiwala. Nthawi ya mvula lole inkakwera chammbali ngati nkhanu, ndipo mabuleki tinkasintha kuposa malaya.

Kapitawo wathu adali a Nyirenda, munthu wamtali wa kumpoto, wa ovolosi yoyera nthawi zonse. Mpaka lero sindidziwa kuti ankatha bwanji. Ankalemba chilichonse m'kabuku, ndipo sankakalipa; ankangovula magalasi n'kukuyang'ana mpaka iwe wekha kuyamba kuulula machimo ngakhale amene sadakufunse. Zipangizo zidali zosowa, ndipo zaka zikamapita zidasoweratu, makamaka njira za ku doko zitayamba kuvuta chifukwa cha nkhondo ya kwa anzathu. Magasiketi ang'onoang'ono, oika pakati pa zitsulo kuti mafuta asadonthe, tinkadula pa makatoni a mankhwala. Mphira tinkadula pa machubu akale. Bawuti yakutha sitinkataya, inkapita m'chitini kukadikira tsiku lake.

Pageti la galaja pankakhala mlonda wa masana, a Mbewe. Kwawo kudali kumunsi, kufupi ndi Malomo, ndipo ankabwera pa njinga. Adali mlimi wa fodya wodziwika. Nthawi yosankha fodya anthu ankachita kuwabwereka, chifukwa ankatha kutseka maso, kugwira tsamba ndi zala ziwiri, n'kunena mulu umene liyenera kupita. Chachiwiri, adali katswiri wa bawo. Thabwa lawo linkakhala m'kachisakasa ka pageti, ndipo aphunzitsi, akatekisiti ngakhale madalaivala ankachoka pamenepo atapukusa mitu. Ine ndinkacheza nawo bwino zedi, tinkadyera limodzi chinangwa chootcha, mpaka tsiku limene mwana wawo wamkazi, Esinati, adabweretsa chakudya cha bambo ake ine ndili pansi pa lole. Ndidadzuka mofulumira, mutu n'kugunda chitsulo. Chipsera chili pamphumi pangachi si cha nkhondo ayi. Ndi cha mayi anu.

Mawu atapita kwawo kudzera mwa ankhoswe, macheza anga ndi a Mbewe adathera pomwepo. Inu ana a masiku ano mumagwirana chanza ndi apongozi, kudyera mbale imodzi, mwina kubwerekana foni. Ife ayi. Apongozi unkawapatsa moni uli patali, utanjuta, ukuomba m'manja, maso ali pansi, ndipo nkhani ina iliyonse inkadzera mwa ankhoswe. Tsono taganizani, apongozi anga ndiwo adali pageti la kuntchito kwanga! Chaka chathunthu ndinkalowa m'galaja kudzera pa chiboo cha mpanda wa kuseri, pafupi ndi dzenje la zinyalala. A Nyirenda adafuna kutseka chiboocho, koma atamva chifukwa chake adangovula magalasi, n'kuvalanso.

1979, galimoto ya adokotala

Pachipatala padali dokotala wamkazi wochokera kunja, amene adabwera ndi galimoto yake yoyera, yaitali kumbuyo, ya mtundu umene sudali wofala kuno. Idawotcha injini pa chitunda cha kumsika ndipo idakhala m'galaja miyezi itatu, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Pa chinkhoswe chathu, a Mbewe adalankhula kudzera mwa ankhoswe awo anthu onse akumva. Adati, "Tamva kuti mkamwini wathu ndi makaniko. Munda alibe, fodya sadziwa kusankha. Chabwino. Ife pageti paja timaona galimoto yoyera itagona. Akaidzutse, mwana wathu adzapite ku tchalitchi atakwera imeneyo, tidzadziwe kuti manja akudawo amadyetsa munthu." Anthu adaseka, amayi adaimba nthungululu, ndipo pofika madzulo atsikana adali atapeka kale nyimbo yake. Adanena ngati nthabwala, koma ine ndidadziwa kuti si nthabwala. Galimoto ikapanda kudzuka, mayi anu akadakwera ngolo, ndipo ine ndikadalowa m'mudzi umenewo ndi dzina loti ndife nalo.

Adokotala atamva adaseka mpaka kupukuta misozi. Adati ndikaidzutsa, Loweruka la ukwati galimoto ndi yanga. A Nyirenda adavomera kuti ndigwire ndekha, ndipo adawonjezera kuti ntchito imeneyi ndiyo idzawauze ngati dzina langa lipite nawo pa mndandanda wa okalemba mayeso apamwamba chaka chimenecho.

Tsopano ndikufotokozereni pang'ono za injini, musagone. Kumutu kwa injini kuli timakomo timene timatseguka kuti petulo ndi mpweya zilowe, utsi utuluke. Timakomoti ndiwo mavalavu, ndipo galimoto iyi idali nawo asanu ndi atatu. Chimene chimawakankha ndi chitsulo chachitali cha malinunda, kamushafuti. Pakati pa linunda ndi valavu pamayenera kutsala kampata kakang'ono zedi. Kakasowa, valavu siitseka ndipo mphamvu imathawa. Kakakula, injini imalira ngati chigayo. Pa magalimoto amene tidazolowera, kampatako tinkakonza ndi sipanala, ntchito ya kapu imodzi ya tiyi. Iyi ayi. Pamwamba pa valavu iliyonse pankakhala kachitsulo kaphanthiphanthi ngati khobidi la tambala imodzi, shimu, kovundikiridwa ndi kakapu kachitsulo. Kunenepa kwa shimu ndiko kunkapereka mpata. Ndi maso onse ankaoneka ofanana, koma aliyense adali ndi valavu yake.

Mashimu atsopano kudalibe dziko lonse. Ndidapita kwa Che Saidi kukabwereka maikiromita, ndipo adandipatsa ngati akundipatsa mwana wakhanda, n'kunena kuti ibwere Lachitatu la sabata ya ukwati, osati Lachinayi. Nditanola mavalavu, ndidayamba kupala mashimu pa mwala wonolera ndi mafuta, imodziimodzi, kupala, kuyeza, kumanga, kumasula, kupalanso. Masiku anayi! Zala zidachita matuza. Lolemba la sabata ya ukwati mipata yonse isanu ndi itatu idakhala ndendende, ndipo ndidavina ndekha m'galaja. Koma mabawuti omangira mutu wa injini ankabisala pansi pa kamushafuti, choncho ndidayenera kuchotsanso mashimu ndi timakapu mpaka gasiketi yaikulu itafika. Gasiketi imeneyo sitikadadula pa katoni, idali ikubwera pa basi kuchokera ku Blantyre kudzatsikira kwa Che Saidi.

Ndiye ndiziika pati kuti zisasokonezeke? Katoni mbuzi za pamishoni zinkadya. Pa tebulo mphepo ndi nkhuku. Ndikuyang'anayang'ana, maso adagwera pa thabwa la bawo m'kachisakasa, a Mbewe atapita kukamwa madzi kuchipatala. Mizere inayi, uliwonse maenje asanu ndi atatu. Ndidati Mulungu adapangira ine thabwa limeneli. Kupempha sindikadatha, ankhoswe anga adali ku Chisepo, ndipo ndidadziuza kuti ndi masiku awiri okha. Ndidakhuthulira njere zawo m'chitini bwinobwino, mashimu mzere umodzi, timakapu mzere wina, kuyambira valavu yoyamba mpaka yomaliza, ndi kuika thabwalo pa shelefu ya pamwamba nditafunditsa thumba.

Lachitatu ndidakwera lole ya chipatala kupita ku Mponela. Ndidabweza maikiromita, ndidatenga gasiketi, ndidagulanso nsapato za ukwati zimene zidandiluma zaka ziwiri. Che Saidi adandiperekeza mpaka pamsewu n'kunena kuti, "Ukamaliza kumanga uyezenso." Ndidati inde, inde, mtima uli kale ku Malomo.

Lachinayi

Ndidamanga injini ndikuimba. Thabwa lidali pomwe ndidalisiya, thumba lili pamwamba. Shimu yoyamba pa valavu yoyamba, yachiwiri pa yachiwiri, mpaka kumaliza. Nditamanga kamushafuti ndidagwira fila, timipeni topyapyala toyezera mipata ija, kenaka ndidaibwezera m'thumba. Ndidati ndiyezerenji zinthu zoti ndidayeza kale Lolemba? Kuthamanga sikufika, ana anga, ndipo ine ndidaphunzira mwambi umenewu tsiku limenelo ndili ndi zaka makumi atatu.

Petulo adali wosowa chaka chimenecho, koma a Nyirenda adali atasunga chigubu chimodzi m'ofesi mwawo. Adathira pang'ono, anamwino awiri adabwera kudzaonerera, ine ndidakhala pampando ngati nduna n'kupotokola kiyi. Injini idazungulira mopepuka modabwitsa, idatsokomola, idalavula moto ku kabureta, phuu! Kenaka idagwira, koma ikugwedezeka ngati munthu wa malungo, kumutu kukumveka khwekhwerekhwe ngati mwathira miyala m'chitini. Idazima yokha. Anamwino adabwerera kuntchito mwaulemu, osandiyang'ana.

Tsiku lonselo ndidasaka kolakwika. Ndidayamba ndi moto: mapulagi, mawaya, zonse zidali bwino. Ndidaganiza kuti mwina ndalumphitsa dzino limodzi pomanga tcheni, ndidamasula kutsogolo konse, zizindikiro zidali zoyang'anana bwinobwino. Ndidatsuka kabureta yoyera kale. Mashimu sindidawaganizire n'komwe, chifukwa munthu sukayikira ntchito imene wavinira. Dzuwa likulowa ndidachotsa mapulagi, ndidatseka bowo lililonse ndi chala chachikulu a Nyirenda akuzungulitsa injini. Mabowo awiri adakankha chala changa mwamphamvu. Awiri enawo adangopuma ngati nkhalamba. A Nyirenda adati, "Mavalavu ako sakutseka. Mawa." Pochoka ndidamva atsikana a sukulu akuimba nyimbo ija ya galimoto yoyera.

Lachisanu

M'mamawa ndidatulutsa fila imene ndidayenera kutulutsa dzulo lake. Valavu yoyamba, mpata waukulu woti n'kulowetsa chikhadabo. Yachitatu chimodzimodzi. Kumapeto, mpata palibiretu. Ndidamasula kamushafuti, ndidachotsa mashimu mwa ndondomeko yake, ndi kuwayala pa galasi la windo lakale. Ndidayendetsa chikhadabo pamwamba pawo. Ankakwera ngati masitepe, kuyambira wopyapyala mpaka wonenepa, osalumpha ndi mmodzi yemwe. Mbuzi singachite zimenezo. Mphepo singachite zimenezo. Mashimu anga adali atasankhidwa ngati fodya wopita ku okushoni, ndipo pa mishoni yonse padali zala ziwiri zokha zimene zikadatha kumva kusiyana kumeneko popanda maikiromita. Nditayang'anitsitsa m'thabwamo, m'dzenje lina la mzere wopanda kanthu mudali mutatsala njere imodzi ya bawo.

A Nyirenda adabwera, adayendetsanso chikhadabo chawo, adavula magalasi. "Wagwira ndani zinthu izi?"

Apa ndiye padali povuta. Lamulo la mishoni lidali lakuti wogwira katundu wa m'galaja popanda chilolezo achotsedwe ntchito tsiku lomwelo, ndipo chaka chapitacho munthu wina adapita chifukwa cha waya wosakwana mkono. Ndikadatchula dzina, a Mbewe akadapereka mwana wawo Loweruka atachotsedwa ntchito Lachisanu, ndi pakamwa pa mkamwini. Ndikapanda kutchula, kulakwa konse kudali kwanga, ndipo mndandanda wa mayeso unkapita ku boma masana omwewo. Ndidayang'ana kugeti. A Mbewe adali chikhalire pa mpando wawo, atatipatsa msana.

Ndidati, "Ndine, bwana. Ndidasokoneza poika, ndipo nditamanga sindidayezenso."

"Wasokoneza mpaka kukhala mwa ndondomeko chonchi?"

"Ndi tsoka langa, bwana."

Adandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adatulutsa kabuku, adakhwatcha mzere umodzi ine ndikuona, ndipo adati, "Theka lachiwiri la mawu akowo ndi loona, ndiye mayeso udikira chaka chamawa. Galimoto ikapanda kulira pofika folo koloko, ndikauza adokotala kuti atumize uthenga ku Malomo akonze ngolo."

Ndidakhala pa mgolo ndikuwerengera. Maikiromita idali ku Mponela, tsiku la Lachisanu, ndipo lole idali itapita kwina. Kuyesa mwa mwayi, kumanga ndi kumasula, kukadandifikitsa Lamlungu. Ndili m'maganizo amenewo ndidamva belu la njinga, ndipo adatulukira malume anga a Zakeyu, ankhoswe anga, atavala jekete la ukwati tsiku lisadafike, nkhuku ili pakaliyala. Malume za injini sankadziwa ngakhale pothira madzi, koma pa kukamba nkhani yovuta popanda kuthyola mwendo wa munthu, Chisepo yonse idalibe wina. Ndidawafotokozera zonse. Adaseka mpaka kukhala pansi. "Iwe mphwanga, udaba bawo ya apongozi? Mkamwini ndi mlamba ndithu. Bweretsa zitsulo zakozo, ndipo ukhale kuseri kwa mgolo uko, usatsegule pakamwa."

Tidakhala motere: a Mbewe pa mpando wawo pansi pa bulugama, malume pa njerwa patsogolo pawo, thabwa lili pakati mashimu ali m'maenje monga ndidawapezera, ine nditanjuta kuseri kwa mgolo, mapazi khumi okha kuchokera pamenepo. Aliyense ankamva mnzake bwinobwino. Adalonjerana, adafunsana za mvula, za mitengo ya fodya, za maliro a chaka chatha, ine ndikuyang'ana dzuwa likukwera. Kenaka malume adatsokomola.

"Achimwene, mwana wathu uja akuti adadzala mbewu zake m'munda wina, tsono pobwera wapeza zamera m'mizere ina."

A Mbewe adayankha osatembenuka. "Mumuuze mwana wanuyo kuti mundawo uli ndi mwini wake. Mwini wake adaufuna masiku awiri, akatekisiti atabwera kudzabwezera chipongwe cha sabata yatha. Adaupeza pa shelefu utafunda thumba ngati wakuba."

Malume adatembenukira ku mgolo. "Akuti munda uli ndi mwini wake."

"Ndamva, malume. Muwauze kuti ndidalakwa, ndidasowa podzera."

"Akuti adalakwa, adasowa podzera. Safunsa adadya phula, achimwene, ndipo uyu wadya chisa chonse."

A Mbewe adagwedeza mapewa, ndipo ndidadziwa kuti akuseka. Adati, "Inenso ndikadafunsa, koma ndikadafunsa ndani? Ndidazitulutsa bwinobwino, ndidaziyala pa nsalu, tidasewera, akatekisiti adapita akulira. Timakapu ndidabwezera monga tidalili, n'tofanana. Koma tindalama iti nditatigwira ndidamva kuti mwanayu waika mosokoneza, chonenepa pafupi ndi chowonda, ngati fodya wa munthu waulesi. Ndidati mkamwini wanga asachite manyazi pamaso pa bwana wake, ndimukonzere."

Ana anga, mawu amenewo adandilasa. Munthu amene ndinkaganiza kuti akudikira kugwa kwanga adali atakhala pansi kusankha zitsulo zanga kuti ndisachite manyazi. Ndidapukuta maso ndi dzanja la mafuta, n'kudzipaka mphuno yonse.

Malume adafunsa mwaulemu ngati mwini munda angakumbukire mmene mbewu zidaliri poyamba. A Mbewe adakwiya pang'ono. "Ine ndimakumbukira masewera a chaka chatha, dzenje ndi dzenje. Ndingaiwale tindalama tisanu ndi titatu ta dzana?" Adakoka thabwa, adatseka maso, adayamba kugwira shimu iliyonse ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, akung'ung'udza. "Chonenepa kwambiri chidali m'nyumba," adatero, kutanthauza dzenje la makona anayi la pa thabwalo. "Chowonda chidali kumapeto, dzanja lamanja. Izi ziwiri ndi mapasa, koma ichi chili ndi kachilema m'mbali, chidali chachiwiri." Dzanja lawo linkayenda ngati akusewera, kunyamula apa, kusiya apo, kubwerera. Sipadathe nthawi yoti madzi n'kuwira. Adatsegula maso, adakankhira thabwa kwa malume. "Mumuuze akamange. Ndipo akamaliza ayeze, ndidamuona dzulo akubwezera timipeni take m'thumba."

Ndidanyamula thabwalo ngati mbale ya mgonero. Ndidamanga pang'onopang'ono, malume ataima pambali atagwira jekete lawo kuti lisade. Kenaka fila. Valavu yoyamba, kampeni kadalowa mokoka pang'ono, monga kayenera. Yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu. Yachinayi, yachisanu. A Nyirenda adali atabwera mwakachetechete, ataima kumbuyo kwanga. Yachisanu ndi chiwiri. Yomaliza. Zonse ndendende! Ndidazungulitsa injini ndi kuyezanso kachiwiri kuyambira poyamba, chifukwa cha Che Saidi. A Nyirenda adalanda fila, adayeza okha, ndipo adati, "Tsoka lako lija lasanduka mwayi msanga bwanji?" Malume adayankha m'malo mwanga kuti kwathu ku Chisepo timapemphera kwambiri.

Folo koloko isadakwane ndidapotokola kiyi. Idagwira kamodzi. Phokoso la miyala lija lidali litapita, injini inkangong'ung'udza mofatsa moti malume adaika kapu ya madzi pamwamba pake kuti aone ngati atayike. Anamwino adathamanga kuchokera kuchipatala akuimba nthungululu, adokotala adatuluka ndi magolovesi m'manja, malume adavina jekete lili m'mwamba, nkhuku yawo ikulira pa njinga. Ine ndidayang'ana kugeti. A Mbewe sadatembenuke, koma phazi lawo linkaponda pansi motsatira kulira kwa injini.

Loweruka ndi Lolemba

Mkwati sayendetsa galimoto pa ukwati wake, choncho a Nyirenda ndiwo adatsika nayo ku Malomo, atavala suti. Ine ndidaima pakhomo la tchalitchi cha pamishoni nsapato zikundiluma. Anthu ankayang'ana kumsewu, ine ndinkamvetsera. Ndidaimva isadaoneke, ili pa chitunda chomwe chija idafera, ikukoka bwinobwino osatsokomola, ndipo kumbuyo kwake nyimbo ya atsikana ija, mawu atasintha. Idatulukira itavala maluwa a bugenivila, ana akuithamangira. Mayi anu adatsika kumbuyo, akuseka chifukwa fumbi lidali litalowa m'velo. Kutsogolo kudatsika a Mbewe, chipewa chili m'manja. Kunena zoona, ana anga, sindidasangalalepo chotero chibadwire, ndipo za ulaliki wa tsiku limenelo musandifunse.

Lolemba ndidabwera kuntchito kudzera pa chiboo changa cha masiku onse, koma ndidapeza chatsekedwa ndi waya watsopano. Ndidazungulira mpaka kugeti, ndidanjuta patali, ndidayamba kuomba m'manja. A Mbewe adali ndi thabwa pamiyendo, njere zili m'maenje. Sadayang'ane kumbali kufuna ankhoswe. Adandiyang'ana ine.

"Akamwini, chiboo chija ndatseka ndine. Bwerani mukhale apa."

Ndidapita, n'kukhala pansi pafupi nawo.

"Zimene mudawauza a Nyirenda Lachisanu ndidamva, makutu anga ndi a mlonda. M'galimoto muja ndidawauza zoona zake. Adati adadziwa kale, ndipo m'kabuku mwawo mulibe tsamba la nkhani za bawo. Koma za mayeso anu akuti kalata idapita." Adasisita m'mphepete mwa thabwa. "Mwataya chaka chifukwa cha ine. Ndilibe chobwezera. Koma thabwa ili mukalifuna muzitenga, ndipo zitsulo zanu zikavuta muzibwera nazo, zala zilipo. Tsono yambani ndinu, tione ngati manja akudawo amadziwa china."

Adandigonjetsa katatu belu la ntchito lisadalire.

Mayeso ndidalemba chaka chotsatira ndipo ndidapambana. Kuyambira pamenepo chitsulo chilichonse chokayikitsa chinkapita kugeti, ndipo a Nyirenda ankalemba m'kabuku mwawo kuti chayezedwa ndi a Mbewe. Ndidagwiranso ntchito ku Dowa ndi ku Mponela, injini zimene ndidamanga sindingaziwerenge, koma sindidabwezerenso fila m'thumba ndisadayeze. Agogo anu atamwalira, akuchikazi adagawana njinga, makasu ndi chigafa cha fodya, koma thabwa adanena okha akadali moyo kuti lipite kwa akamwini. Zaka zonsezo sadalitsukepo, ndipo wina akafunsa za maenje akudawo ankati ndi pamene mkamwini wawo adadzala mbewu.

Ndiye Tadala, sewera pa thabwalo mmene ungafunire, njere zikatayika tidzatola zina. Koma sopo ayi. Mafuta amenewo ndi amene adakweza agogo ako aakazi chitunda chija kubwera kwa ine.